Magazi a Nkhuku Anandiulula

1

Nkhuku yachisanu ndi chiwili inafa Lachiwili m'mawa. Amuna anga anaitumbula okha kuseli kwa khola, ine nditagwila beseni la madzi. Chiwindi chimene anatulutsa chinadzaza chikhatho chawo chonse, ndipo chinali ndi zotupa zoyela, zolimba ngati mphale.

"Ichi si chitopa," anatelo. "Chitopa ndimachidziwa, chimasesa khola m'masiku atatu. Izi zikungowonda imodziimodzi, zisiya kuikila, kenako zigwa."

Dzina langa ndine Dainess, mkazi wa aJosphat Daka a ku Msanzala. Nthawi imeneyo tinali titakhala m'banja zaka khumi ndi zitatu. ADaka anali mkulu wa mpingo, komanso anali ndi makina a sola ofungatila mazila, moti alimi a gulu lathu la nkhuku, kuyambila kwathu mpaka ku Nyampande, ankatenga anapiye kwa iwo. Anthu ankawalemekeza. Ankawamvelanso chisoni, chifukwa mkazi wawo sanawabalile mwana.

Ena ankanong'ona, koma mlamu wanga Immaculate sankadziwa kunong'ona.

"Alongo," ankatelo ine ndili pomwepo, "nkhuku yosaikila mumaisungila chiyani?"

ADaka ankamudzudzula nthawi zonse. Anakana kutenga mkazi wina, ndipo kumpingo ankawatchula ngati chitsanzo cha mwamuna wopilila. Ine ndinkangowelama.

Loweluka la sabata lomwelo gulu linakumana pakhomo pathu. Aliyense anali ndi nkhani yomweyo, nkhuku zowonda, ziwindi zotupa. Kenako aWiseman Miti, amene khola lawo ndi limene linayamba kufa, anaimilila akukanda kumutu.

"Ndisabise. Chaka chatha pochokela ku Lusaka ndinagula tambala pa Kacholola. Anandikopa maso chifukwa anali wofanana ndi a mtundu wathu uno. Ndinamugula kwa mai wina wa pamsewu, dzina lake Doris."

"Ndiye gwelo lake ndi limenelo," anatelo aDaka. "Ndakhala ndikukuletsani kugula nkhuku za pamsewu."

Ndinali ndikuthila madzi m'makapu. Nditamva dzinalo, madzi anataikila pa nsapato za aMiti.

2

Patapita masabata awili, galimoto ya a zoweta a ku boma inafika ndi mlendo. Anali mzimai wamfupi wovala magalasi, Dokotala Abby Mumba wa ku Lusaka, amene ankafufuza matenda a nkhuku m'maboma a Petauke ndi Nyimba. Atayang'ana chiwindi cha nkhuku imene inafa dzulo lake, anagwedeza mutu.

"Bambo, iyi ndi khansa."

"Khansa? Ya nkhuku?"

"Inde. Imayamba ndi kachilombo. Kakalowa m'thupi kamakadzilemba mkatikati mwa nkhuku, ndipo sikachokanso. Nkhuku ikhoza kuoneka bwino miyezi yambili, ikudya, ikuikila, koma mazila ake ali nako kale. Mwanapiye amabadwa nako. Katemela kulibe, mankhwala kulibe. Chabwino n'chakuti kwa anthu sikalowa."

Anavala magolovesi nayamba ntchito. Ankatambasula phiko, kubaya pang'ono, kutenga magazi, kenako kuzula nthenga ziwili zitatu. Chilichonse ankachiika m'kabotolo kake, n'kulemba nambala yofanana ndi imene anamanga pa mwendo wa nkhuku. Ine ndiye ndinkamugwilila nkhukuzo.

"Nanga m'magazimo muonamo chiyani?" anafunsa aDaka.

"Chamoyo chilichonse chili ndi malembo ake mkati, amene timawatcha DNA. Makina athu amawawelenga. Kachilomboka kakamachoka khola ili kupita lina, malembo ake amasintha pang'onopang'ono, ngati mmene nkhani imasinthila ikamayenda pakamwa. Tikaika malembo a makola onse pamodzi, timaona kuti kanayambila pati, kanapita kuti. Ndipo magazi omwewo amatiuzanso za nkhukuyo, kuti tate wake ndani, make ndani."

"Mpaka tate wake?"

"Mpaka tate wake."

ADaka anamwetulila koyamba m'mwezi wonsewo. "Ndiye mupite pa Kacholola. Kuli mai wina dzina lake Doris."

"Kacholola ndipita mailo kukangocha," anatelo aMumba. "Koma ndifunse. Kupatula a gulu lanu, pali kwina kumene nkhuku za pano zinapitako?"

"Palibe. Mwanapiye satuluka pano ine osadziwa."

AMumba anatembenukila kwa ine. "Amai, inu mumakhala nazo tsiku lonse. Palibe imene munapatsa m'bale kapena mlendo?"

Nkhuku ndinali nditaipana m'khwapa, ndipo ndinkamva kamtima kake kakugunda pa nthiti zanga.

"Palibe," ndinatelo.

3

Linali bodza.

Chaka cham'mbuyo mwake, m'mwezi wa Meyi, ndinauza aDaka kuti makoswe alowa m'chipinda cha anapiye. Ndinawaonetsa dzenje limene ndinakumba ndekha ndi chikwanje. Anadandaula, anathila simenti, nkhani inatha. Koma anapiye makumi awili aja anali m'katoni yoboola, pansi pa thumba la nshawa, m'minibasi yopita ku Nyimba. Ndinanena kuti ndikupita kukaona manda a azakhali anga. Ndinapitilila mpaka pa Kacholola, n'kuwasiya m'manja mwa aDoris.

Galimoto ya aMumba itangochoka, ndinatenga khasu ngati ndikupita kudimba. Nditafika pakati pa mpendadzuwa ndinaimba foni.

"ADoris, kukubwela dokotala mailo. Nkhuku zija zibiseni. Kapena zipheni zonse."

"Ndiphe zingati? Zisanu zafa kale zokha," anayankha. "Ndipo azimai a pamsewu pano amva kale kuti a ku Petauke akuti ine ndabweletsa matenda. Dzulo anandichotsa pamalo panga. Akuti nkhuku zanga zisayandikile nthochi zawo."

"Akatenga magazi adziwa kuti zinachokela kuno."

Ndinkamva malole akudutsa kumbuyo kwake.

"Dainess, ndikazibisa ndiye kuti ndavomela mlandu. Dokotala abwele, atenge chimene akufuna. Dzina lako silituluka pakamwa panga. Linatulukapo liti?"

"Nanga mwanayo, Misozi, ali bwanji?"

"Ali bwino. Akuwelenga, mayeso ayandikila. Mazila a nkhuku zakozo ndi amene amufikitsa apa. Tseka foni, munthu angakumve."

Masabata asanu ndi limodzi amene anatsatila sindinadye bwino. Immaculate anayamba kundiyang'ana m'mimba, n'kufunsa mwachipongwe ngati Mulungu watikumbukila. ADaka ankadzuka m'mamawa kukachotsa zakufa m'khola, akabwela n'kumanena za mai wa ku Kacholola, munthu amene sanamuonepo, ngati mdani wawo wakale. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa. Nthawi zonse ndinkatulutsa nkhani ina, ya sopo kapena ya mbewu.

4

Zotsatila zinabwela kumayambililo kwa Okutobala, kukutentha moti nkhuku zinkangoti kukamwa yasa. Gulu lonse linasonkhana pansi pa mtengo wa mango wa patchalitchi. AMumba atatsika m'galimoto anapita molunjika kwa amuna anga.

"ADaka, ndipempha tilankhule pambali kaye, inu ndi ine."

"Ayi, adokotala. Anthuwa ndi anga, ataya nkhuku ngati ine. Ndilibe chobisa."

"Ndikupemphabe."

"Nenani pompano."

AMumba anapumila m'mwamba, n'kutambasula pepala lalikulu pa benchi. Panali chojambula chonga mtengo wogona cham'mbali, nthambi iliyonse ili ndi nambala.

"Nthambi izi ndi makola anu. Iyi ndi ya aMiti. Izi ndi za ku Nyampande. Iyi ndi ya ku Kacholola. Kachilombo ka m'makola onsewa ndi ka banja limodzi. Tsinde lake ndi ili." Anaika chala pansi pa mtengowo. "Ndi nkhuku zoikila zisanu ndi imodzi za m'khola la aDaka. Zikuoneka kuti zinabwela nako kumene munazigula zaka zitatu zapitazo. Simukanadziwa, bambo. Ndi maso palibe akanadziwa."

Kenako mai wina wa ku Nyampande analankhula mosakweza mawu.

"Ndiye kuti tinkagula matenda uku tikuthokoza."

ADaka anagwila benchi. Nkhope yawo inali itatuwa. "Nanga tambala wa aMiti? Nanga za ku Kacholola? Ine mai ameneyo sindimudziwa."

AMumba anayang'ana pepala, kenako anandiyang'ana ine kamphindi kochepa. Ndikhulupilila anali atazindikila kale kanthu.

"Sikuti iwo ndiwo anabweletsa matenda kuno," anatelo. "Matenda anachoka kuno kupita kwa iwo. Zina tikambilana panokha."

"Anachoka bwanji? Nenani."

"Nkhuku zawo ndi ana a tambala wanu wamkulu uja. Magazi akutelo. Mmene zinafikila kumeneko, makina satiuza."

Ndinaona chinthu chikusintha m'maso mwa amuna anga. Munthu amene wachita manyazi pagulu amafuna pogwila, ndipo iwo anapapeza.

"Makoswe aja," anatelo pang'onopang'ono. "Dainess, ukukumbukila makoswe a chaka chatha? Anali makoswe a miyendo iwili. Alipo amene anandibela, n'kukagulitsa kwa mai ameneyo. Adzanditchulila dzina lake pamaso pa apolisi."

"Bambo," anatelo aMumba, "pepala ili ndi lothandiza kuthetsa matenda. Si la milandu."

Palibe anamumvela.

5

Lolemba m'mawa aMiti anabwela ndi kagalimoto kawo. Immaculate anali atakhala kale kutsogolo, atamanga duku latsopano ngati akupita ku ukwati.

"Nanenso ndipita," ndinatelo.

"Ukatani?" anafunsa aDaka.

"Anapiyewo ndinkawasamala ndine."

Anandilola. Tinadutsa pa boma, n'kulowa msewu waukulu. Njila yonse Immaculate ankatchula maina a anthu amene ankawaganizila, ana a anansi, mnyamata wa m'chigayo, ngakhale mkazi wa mbusa. ADaka anakhala pambali panga, manja ali pa maondo. Usiku wa dzulo lake anali atazimitsa makina ofungatila, muli mazila mazana atatu.

Pa Nyimba tinaima kuti aMiti athile mafuta. Azimai a nthochi anazungulila galimoto. Immaculate anatsika kukatsatsa, ndipo tinatsala awili.

"ADaka," ndinatelo, "tibwelele."

"Chifukwa?"

"Mai uja wataya nkhuku zake ngati ife. Tikapindula chiyani?"

"Dzina langa, Dainess. Dzulo lomweli anthu anadutsa pakhomo pathu osapeleka moni. Ndikapeza wakubayo, adziwa kuti sindine ndekha wolakwa."

"Nanga akakhala kuti wakubayo..."

Ananditembenukila. Maso awo anali ofiila, otopa, a munthu amene wakhala akundiikila kumbuyo zaka zonsezi.

"Akakhala kuti chiyani?"

"Akakhala kuti anathawa kale," ndinamaliza.

Pofika pa Kacholola dzuwa linali pamutu. AMiti anapita kukatenga wapolisi, bambo wachikulile wooneka kuti sanafune n'komwe kuyenda padzuwa chifukwa cha nkhuku. Azimai a pamsewu anatilozela njila mokondwa, ndipo ena anasiya malonda awo n'kutitsatila.

6

ADoris anali pakhonde akutongola chimanga. Anali mzimai wa zaka zopitilila makumi asanu, wowonda, wa mwendo umodzi wotsimphina. Anaimilila, anapeleka moni kwa aliyense, ndipo atafika pa ine anandipatsa moni wa mlendo.

Kuseli kwa nyumba kunali khola la nsungwi. Munatsala nkhuku zisanu ndi zinai, zofiila, za makosi akuda. ADaka anaziyang'ana kamodzi kokha.

"Izi ndi zanga. Amai, anakupatsani ndani?"

"Ndinagula kwa munthu wodutsa."

"Dzina lake?"

"Pamsewu sitifunsa maina, bambo."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Ndaiwala."

"Anapiye makumi awili, mwaiwala?" anatelo Immaculate. "Wolandila zakuba ndi wakuba."

Wapolisi anapukuta thukuta. "Amai, thandizani kuti nkhani ithele pano. Mukapanda kutchula munthu, ndiyenela kupita nanu kuti mukafotokoze bwino."

"Tiyeni," anatelo aDoris. Anatenga chitenje pa chingwe, n'kuyamba kumanga. Sanandiyang'ane ngakhale pang'ono.

Nthawi yomweyo mtsikana wovala yunifomu analowa pabwalo akuthamanga, mabuku ali m'manja. Anali Misozi, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwili, wamtali, wa mpata kumano. Wina anali atamuuza panjila. Anaponya mabuku pansi n'kuima pakati pa aDoris ndi wapolisi.

"Amama sanabe kanthu. Mukawatenga mutenge ndi ine."

"Ndiye iwe unene," anatelo aDaka. "Unamuona wobweletsa nkhukuzi?"

Misozi anandiyang'ana. Ankandidziwa ngati anti a ku Petauke, mnzawo wa amama, amene ankabwela kamodzi pachaka ndi nsapato kapena sopo. Katoni ija anatsegula ndi iye. Anayang'ana aDoris, amene anapukusa mutu pang'ono chabe.

"Sindinamuone," anatelo.

Mwana uja ananama chifukwa cha ine, pamaso pa wapolisi, osadziwa n'komwe chimene akuteteza. Pamenepo m'pamene ndinalephela kupilila.

"Ndine," ndinatelo.

Sanandimve. Ndinabweleza.

"Ndine ndinabweletsa anapiyewa. Makoswe kunalibe. Dzenje lija ndinakumba ndekha."

"Dainess, khala chete," anatelo aDoris.

ADaka ananditembenukila ngati munthu amene waitanidwa m'chinenelo chachilendo. "Iwe? Kuba m'nyumba mwako, kupatsa munthu amene sitimudziwa? Ndi ndani wako mai ameneyu?"

"Sindinabweletsele iwo." Ndinagwila nsanamila ya khonde. "Ndinabweletsela mwanayu. Misozi ndi mwana wanga. Ndinamubala ine."

Wina mwa azimai a pamsewu anaika manja pamutu. Immaculate anaseka kaphwete kamodzi, kenako anasiya, chifukwa anali atayamba kuyang'ana pakamwa pa Misozi ndi pakamwa panga. Mpata wa kumano ndi womwewo. Ndinaona mlamu wanga akuwelengela zaka khumi ndi zitatu zija m'mutu mwake, ndipo pang'onopang'ono maso ake anachoka pa ine n'kupita kwa mlongo wake.

Misozi sanalile. Anafunsa aDoris funso limodzi.

"Amama, n'zoona?"

ADoris anakhala pansi pa dothi. Limenelo linali yankho.

7

Ndinatenga pathupi ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndikuphunzila ku Nyimba, ndikukhala kwa azakhali anga. Mwamunayo anali wogula thonje, ndipo nyengo ya thonje itatha sanaonekenso. Azakhali anandibisa kumunda kwa mnzawo, aDoris, amene amuna awo anawasiya chifukwa chosabala. Mwana atakwana miyezi isanu ndi umodzi, azakhali anati ndimusiye kuti ndikayambe moyo wina. ADoris anamulandila ngati mvula. Kumudzi kwathu anangomva kuti ndinadwala chaka chonse.

Pamene aDaka anandifunsila, ndinati ndiwauza tikakwatilana. Titakwatilana ndinati ndiwauza ndikawabalila mwana, kuti mkwiyo ukhale ndi chouziziliza. Mwanayo sanabwele. Chaka chachisanu chitakwana ndinazindikila kuti choonadi changa tsopano chili ndi mbali ziwili zakuthwa. Ndikanena kuti ndinabalapo, dziko lonse lidziwa kumene kuli vuto. Ndinadziuza kuti ndikukhala chete pofuna kusunga ulemu wa amuna anga. Mwina zinali zoona pang'ono. Koma kwakukulu ndinkaopa.

Tsiku lija pa Kacholola, aDaka sanandimenye, sanandinyoze. Anapepesa kwa wapolisi chifukwa chomutayitsa nthawi, n'kupita kukakwela galimoto. Immaculate anawatsatila ali chete, chinthu chimene sindinachionepo. Galimoto inanyamuka popanda ine.

ADoris anandiyalila mphasa m'chipinda chosungila chimanga. Misozi sanandilankhule masabata atatu. Ndikalowa m'nyumba ankatuluka. Tsiku lina ndikuchapa pachitsime anabwela n'kuima patali pang'ono.

"Munkabwela chaka chilichonse," anatelo. "Munkandiona ndikukula. Simunafunepo kunditenga?"

"Ndinkafuna tsiku lililonse."

"Koma simunanditenge."

"Sindinakutenge."

"Amama anga ndi aDoris. Musayembekeze kuti ndisintha."

"Sindiyembekeza."

Anatenga ndowa imodzi mwa zanga, n'kuisenza kupita nayo kunyumba. Madzulo ake sanatuluke nditalowa.

Nkhuku zisanu ndi zinai zija tinazipha monga analangizila aMumba. Tinawotcha khola, n'kuthila laimu pamalopo. Ku Msanzala ndinamva kuti aDaka anapha zawo zonse, ndi tambala wamkulu yemwe, ndipo anatula pansi udindo wawo kumpingo.

8

ADaka anabwela mu Janyuwale, chimanga chili m'chiuno. Anatsika minibasi okha, atanyamula katoni yoboola. Anali ataonda moti kolala ya malaya inkawazungulila.

Anayamba ndi aDoris. Anavula chipewa, n'kugwada pa dothi lonyowa.

"Amai, ndinakubweletselani wapolisi pakhomo chifukwa cha matenda amene anachokela m'khola langa. Ndinaipitsa dzina lanu ndisanakuoneni. Anapiyewa ndi ochokela ku nkhuku zimene aMumba anaziyeza kawili, alibe kanthu. Oyamba ndapatsa a gulu. Awa ndi anu."

ADoris anatsegula katoni, anayang'ana, n'kuitana Misozi kuti abweletse madzi ndi gaga. "Dzukani, bambo, mungadetse thalauzi," anatelo. Anatisiya awili pansi pa mtengo wa msekese.

Ndinali nditakonzeka kumva za kutha kwa ukwati. Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja.

"Ndilole ndinene changa ndisanachite mantha. Ukukumbukila chaka chachinai, pamene ndinapita ku Chipata kukaphunzila za makina ofungatila?"

"Ndikukumbukila."

"Maphunzilo anali a masiku atatu. Ndinakhala asanu. Ndinapita kuchipatala kukayezetsa." Ankayang'ana chipewa chili m'manja mwawo. "Anandiuza kuti matsagwidi amene ndinadwala ndili mnyamata anandiwononga. Anati sindidzabala. Pepala ndinaling'amba ndisanakwele basi."



"Zaka zisanu ndi zinai," ndinatelo. "Immaculate akunditcha nkhuku yosaikila. Kumpingo akukutamandani. Inu mukudziwa."

"Ndikudziwa. Ndinkamudzudzula Immaculate, koma mawu amodzi amene akanamutseka pakamwa sindinawanene. Ndinkaona kuti n'kwapafupi kukhala mwamuna wopilila kusiyana ndi kukhala mwamuna wosabala. Tsiku lija pano sindinathawe chifukwa cha mkwiyo wokha, Dainess. Ndinathawa chifukwa iwe unali utanena chako, ine changa ndikadali nacho."

Ndinakwiya kuposa mmene ndinakwiyilapo m'moyo wanga. Ndinawauza za masiku amene ndinkalila kudimba, za mizu yowawa imene apongozi ankandimwetsa iwo akuonelela. Anamvela zonse osadula. Nditatopa, anati, "Nanenso ndili ndi zofunsa. Mwana wamoyo, wamkulu chonchi, ndipo ine ndinkapemphela m'mawa uliwonse kuti m'nyumba mwathu mumveke phazi la mwana aliyense."



Sindinabwelele nawo tsiku limenelo. Ndinawauza kuti ndikufuna kukhala pafupi ndi Misozi mpaka zotsatila za mayeso ake zituluke, ndipo iwo akauze okha mlongo wawo ndi amai awo zimene anandiuza ine. Anakawauza Lamulungu lotsatila. Immaculate anandiimbila foni. Anangondipatsa moni wa kwathu, "Mulamu, muli tyani?" Kupepesa kwake kunathela pamenepo, ndipo ndinakulandila.

9

Ndinabwelela ku Msanzala nshawa zitakumbidwa. Misozi anakhoza bwino, ndipo akufuna kukaphunzila ntchito yonga ya aMumba. Amabwela kwathu patchuthi, aDoris akalola. Ine amanditchabe anti. ADaka amawatcha bambo, ndipo iwo akamva mawu amenewo amapeza chifukwa chopitila kukhola.

Sindinganame kuti zonse zinakhala bwino. Ena a gulu sanabwelelenso kudzatenga anapiye. Kuli azimai kumpingo amene amasuntha ndikakhala pa benchi lawo. M'nyumba mwathu muli masiku amene timadya osayang'anana, aliyense akukumbukila chimene mnzake anam'bisila.

Inu amene mwawelenga mpaka pano, mwina mwagamula kale kuti wolakwa kwambili ndani pakati pa ine ndi amuna anga. Ine ndinasiya kuyeza. Chimene sindiiwala ndi mai wotsimphina uja akumanga chitenje kuti apite kupolisi m'malo mwanga, ndi mwana wanga akunama kuti andibise. Ndinkaganiza kuti chinsinsi changa ndikusenza ndekha, pamene ochisenza anali iwo, anthu amene sanalakwe kanthu.

Ngati muli ndi chanu, funsani kuti akulipila ndani pamene inu muli chete. Ndikanadzifunsa funso limenelo kale, ndikanalankhula pa Nyimba paja tili awili m'galimoto, kapena zaka khumi ndi zitatu m'mbuyomo, ndipo Misozi akanamva kuti ndine mai wake ali m'nyumba, atakhala pansi, popanda wapolisi ndi gulu la anthu kumuyang'ana.